Kanema akakana kuonetsa pa laputopu ya kalabu, musathamangire Flash Player

Makalabu ndi makopaletivi ena kuno ku Kasungu, kuyambira ku Santhe mpaka ku Nkhamenya, ali ndi laputopu yomwe alembi amasungiramo mayina a mamembala ndi kuonetserapo makanema a ulimi. Tsiku la msonkhano anthu akhala pansi kuti aone kaumitsidwe ka mtedza ka Mandela cock, alembi adina, koma pamalo pa kanema pangoti bii, kapena patuluka uthenga woti plug-in ikusowa. Alembi ambiri zikatere amathamangira kwa anyamata obena nyimbo pa msika kuti awaikire Flash Player. Ulendo umenewo ndi womwe ndikufuna kukuletsani.

Plug-in ndi kapulogalamu kowonjezera komwe kale browser, monga Chrome kapena Firefox, inkadalira kuti ionetse kanema. Yotchuka inali Flash Player ya kampani ya Adobe, ndipo musaisokoneze ndi fulashi yosungira nyimbo ija, zangofanana mayina. Adobe inasiya kuisamalira pa 31 Disembala 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 inaitseka kuti isamaonetsenso kanthu. Chrome 88 ndi Firefox 85, zomwe zinatuluka mwezi womwewo, zinaichotseratu. Masiku ano browser imaonetsa kanema payokha kudzera mu njira yatsopano yotchedwa HTML5. Choncho tsamba likakuuzani kuti muike Flash Player, pali ziwiri: tsambalo ndi lakalekale ndipo eni ake sanalikonze, kapena ndi msampha. Mukadina batani loti muikire Flash Player pa tsamba la msamphalo, chomwe mungalowetse ndi vayirasi, m'kompyuta momwe muli mayina ndi ngongole za mamembala onse.

Chimanga chikachita chikasu sitithamangira feteleza tisanaone ngati kaufiti wamera kapena madzi adikha m'munda. Pano ndi chimodzimodzi, yambani ndi zapafupi.

Onani kaye bandulo. Ngati laputopu ikukoka intaneti kuchokera pa foni, funsani mwini foniyo kuti anagula bandulo yanji. Ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula YouTube, ngakhale mizere ya netiweki ya TNM kapena Airtel itadzaza. Kanema akamayamba n'kumaima, kachizindikiro kakungozungulira, netiweki ndiyo yafooka. Dinani kachizindikiro konga giya pansi pa kanemayo n'kutsitsa Quality (kaonekedwe ka chithunzi) kufika pa 360p kapena 240p. Mizere ya m'munda izionekabe, ndipo ma MB satha msanga.

Kenaka yang'anani tsiku ndi nthawi pangodya ya sikirini. Apa ndi pomwe ambiri saganizirapo. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati khobidi, nthawi zambiri kolembedwa CR2032, komwe kamasunga nthawi kompyuta ikazima. Malaputopu athu ambiri ndi a kaunjika, ndipo kabatireka kamafika katatopa kale. Magetsi akathima, batire lalikulu n'kutheratu, kompyuta imadzuka ili m'chaka china chakale. Zikatero browser imaona ngati ziphaso za masamba n'zosayenera, n'kumalemba kuti "Your connection is not private". Ndinapezapo alembi ena kufupi ndi Chamama atalipira kale ndalama kawiri kuti awaikire mapulogalamu atsopano, chonsecho chofunika chinali kungokonza tsiku. Konzani tsikulo, ndipo mukapita ku Boma mukasinthitse kabatireko.

Tsiku likakhala bwino, onani ukalamba wa browser. Pa Chrome, dinani timadontho titatu ta pamwamba kumanja, pitani pa Help kenaka About Google Chrome, iyo idzikonza yokha ngati pali intaneti. Koma pali malire. Laputopu ya Windows 7 kapena 8.1 imathera pa Chrome 109 ya mu Januwale 2023, ndipo Firefox yake imathera pa 115. Masamba ena azikana pang'onopang'ono, ndipo palibe plug-in yomwe ingachiritse zimenezo. Komiti iyenera kuyamba kukambirana zosintha Windows kapena makina enieniwo ndalama za soya zikalowa.

Nthawi zina mawu amamveka koma chithunzi n'chobiriwira kapena chothethethera. Pitani pa Settings, kenaka System, zimitsani pomwe palembedwa graphics acceleration kapena hardware acceleration, mutseke browser n'kuitsegulanso. Ngati kanema akukanabe, dinani Ctrl, Shift ndi N pamodzi pa Chrome, mutsegule tsamba lomwelo pa windo latsopanolo. Akaonetsa pamenepo, wolakwa ndi zinyalala zomwe browser yasunga kapena timapulogalamu ta extension tomwe ana a alembi anaika madzulo. Zinyalalazo mumasesa podina Ctrl, Shift ndi Delete, koma musachonge pa mapasiwedi ngati simunawalembe penapake. Ma extension zimitsani imodziimodzi mpaka mutapeza yosokoneza.

Plug-in imodzi yomwe idakalipo ndi Widevine, yotsegula makanema otetezedwa monga a Netflix. Imabwera kale m'kati mwa Chrome ndipo imadzikonza yokha, choncho wina asakulipiritseni kuti akuikireni. Kwa aphunzitsi omwe ali ndi maphunziro akale a mafayilo othera ndi .swf, pali pulogalamu yaulere yotchedwa Ruffle yomwe imatsegula ambiri mwa iwo, ngakhale si onse.

Ine langizo langa lalikulu n'lakuti musamadalire netiweki pa tsiku la msonkhano. Fodya wako ndi amene ali pamphuno: kanema yemwe ali kale mu laputopu ndiye wanu. Pemphani alangizi a ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) akupatseni makanema pa fulashi, kapena dawunilodani pa masamba omwe amalola kutero mukapita komwe netiweki ili yamphamvu. Ikani VLC kuchokera pa tsamba la eni ake a VideoLAN, n'njaulere ndipo imatsegula MP4 ndi mitundu ina yambiri popanda intaneti. Madzulo a tsiku loti mawa ndi msonkhano, tchajani laputopu, lumikizani sipika, ndipo muonere kanemayo mpaka kumapeto, chifukwa fayilo yomwe inadukira panjira imayamba bwinobwino n'kukaima pakati.