Momwe mungachitire apilo pa mlandu wa malire ndi ngalande

Apilo si mpata wofotokozanso nkhani yonse kuchokera pa makolo anu. Ntchito yanu ndi kuloza pamene oweruza oyamba analakwitsa. Ambiri amagwa chifukwa chosamvetsa zimenezi.

Choyamba, dziwani mtundu wa malo anu. Ngati ndi malo a mafumu, lamulo la Customary Land Act la 2016 linaika makwerero ake: bwalo la malo la kwa T/A, kenako bwalo la malo la paboma lomwe wapampando wake ndi DC, kenako bwalo lalikulu la malo lotchedwa Central Land Board. Ku khoti lalikulu mumafikako pa mfundo ya malamulo. Ngati ndi puloti ya m'tauni yokhala ndi lizi, nkhani imatsamira pa mapepala ndi mabikoni (zizindikiro za malire zokwiriridwa pansi), osati pa mboni zokumbukira mtengo wa mango.

Tsiku lomwe chigamulo chaperekedwa, pemphani kuti akupatseni cholembedwa, chokhala ndi deti ndi chidindo. Nthawi ya apilo imawerengedwa kuchokera pamenepo, choncho musalole masiku 30 adutse mukadali kukambirana ndi achibale.

Kenako lembani zifukwa zanu, chilichonse pachokha. "Sindinakhutire" si chifukwa. Lembani zogwirika: bwalo silinapite kukaona malo, mboni yanga sinaloledwe kulankhula, mmodzi mwa oweruza ndi mlamu wa mnzangayo.

Nkhani ya madzi ndiyo imavuta, chifukwa umboni wake umatha ndi mvula. Mlandu ukamveka mu Ogasiti, ngalande imakhala youma ndipo aliyense amakana. Jambulani mvula ikugwa: pamene madzi akulowera, pamene mpanda kapena mzere wa mnzanu wawatsekera, ndi khoma lomwe lanyowa. Yezani kukula ndi kuya kwa chigwembe ndi tepi, mulembe deti. M'tauni, kalata yodandaula ku khonsolo ndi yankho lake zimathandiza. Zonsezi ziperekedwe ku bwalo loyamba, poti umboni watsopano pa apilo saulandira wamba.

Ngati mkangano uli pa bikoni, itanani saveya (woyeza malo) wovomerezeka. Musaizule kapena kuisuntha nokha, ndi mlandu pawokha.

Kuchita apilo sikuimitsa chigamulo. Ngati munalamulidwa kugumula mpanda kapena kukwirira ngalande, pemphani padera chiletso choimitsa lamulolo mpaka apilo imveke. Amene sangathe kulipira loya apite ku ofesi ya Legal Aid Bureau atanyamula chigamulo, zithunzi ndi mapepala a malowo.