Momwe mungasankhire laputopu yotsatsira malonda pa intaneti kuno kuchigwa cha Shire

Munthu amene wayamba kuyendetsa tsamba la Facebook la shopu ya ku Nchalo, kapena kutsatsa mbuzi za ku Ngabu ndi mpunga wa kudambo pa WhatsApp, foni imamukwanira poyamba. Makasitomala akafika atatu kapena anayi, aliyense akufuna chithunzi chake, kanema wake ndi lipoti la pamwezi, foni imachepa ndipo laputopu imafunika. Koma malangizo ambiri ogulira laputopu amalembedwa ndi anthu okhala m'maofesi ozizira, komwe magetsi sathima. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, fumbi limalowa paliponse, ndipo magetsi amatha kupita ntchito ili pakati. Zitatu zimenezi muzisunge m'mutu pa sitepe iliyonse.

Yambani ndi kulemba ntchito imene muzigwira

Tengani pepala mulembe zomwe muzichita tsiku ndi tsiku. Kwa ambiri ndi izi: kutsegula Meta Business Suite (poyendetsera masamba a malonda a Facebook) n'kukonza zolemba za sabata yonse, kupanga zithunzi pa Canva, kuyankha makasitomala pa WhatsApp Web, kusunga maoda ndi ndalama za Airtel Money ndi Mpamba mu Excel kapena Google Sheets. Zambiri mwa izi zimachitikira mu Chrome, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, ndipo sizifuna makina apamwamba. Chimene chimalemetsa laputopu ndi kudula makanema pa CapCut, makamaka akakhala aatali. Ngati makanema anu ndi a mphindi imodzi kapena ziwiri, laputopu yapakati iwatha. Musagule mbereko mwana asanabadwe potaya ndalama zonse pa makina a akatswiri a mafilimu pamene kasitomala wa kanema simunamupeze.

Laputopu zamasewera, zija zokhala ndi magetsi amitundumitundu pa kiyibodi, zisiyeni. Tchaja yake imakoka mawati 120 mpaka kupyola 200, batire limatha msanga, ndipo zimatentha kwambiri ngakhale kumalo ozizira. M'nyumba ya malata ku Bangula masana zimangolira fani osapuma.

Werengani nambala ya purosesa, osati sitika yokha

Apa ndi pamene anthu ambiri amapusitsidwa. Wogulitsa amangoti "iyi ndi i7", wogula n'kukhulupirira kuti wapeza yamphamvu. Mayina oti i5 kapena i7 ndi a purosesa ya kampani ya Intel, yomwe ndi ubongo wa laputopu, koma sanena zaka za makinawo. Chimene chimanena ndi nambala yotsatira. Pa i5-8350U, nambala yoyamba pambuyo pa kamzere ndi 8, kutanthauza m'badwo wachisanu ndi chitatu. Pa i7-4600U ndi 4, makina a m'chaka cha 2013. Pa i5-10310U kapena i5-1135G7 muwerenge manambala awiri oyamba, 10 ndi 11.

Musatsike pansi pa m'badwo wa 8, pa zifukwa ziwiri. Choyamba, i5-8250U ili ndi mitima inayi yogwirira ntchito pamene i7-7500U ili ndi iwiri yokha, choncho i5 imeneyi imaposa i7 ija mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Chachiwiri, Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imavomereza mapurosesa a Intel kuyambira m'badwo wa 8. Ogulitsa ena amakakamiza Windows 11 pa makina akale, nkhope n'kuoneka yatsopano, koma mkati muli makina omwe Microsoft sinawalonjeze chitetezo. Kwa munthu wosunga mapasiwedi a masamba a anthu ena, zimenezo si zoseweretsa. Mukakumana ndi purosesa ya kampani ina yotchedwa AMD, Ryzen 5 3500U kapena yatsopano kuposa apo ndi yabwino.

Chilembo chakumapeto nachonso chili ndi ntchito. U ndi purosesa yodya magetsi ochepa, pafupifupi mawati 15, ndipo ndi imene ikuyenera kuno. H kapena HQ imafika pa 45, imatentha komanso imamwa batire.

Laputopu zatsopano zotchipa zokhala ndi purosesa yofooka ya Celeron, RAM (pomwe laputopu imagwirizira zinthu zimene mwatsegula) ya 4GB ndi malo osungira a 32GB kapena 64GB zimakopa chifukwa zili m'katoni. Mukangotsegula Canva ndi Facebook pamodzi zimayamba kuuma, ndipo zambiri sizitheka kuwonjezera kanthu mkati. Chromebook, laputopu yoyendera pulogalamu ya Google, nayo musaigule mwangozi poganiza kuti ndi Windows.

RAM ndi SSD

RAM ikhale 8GB kapena kuposa. Ngati makanema ndi gawo la ntchito yanu, 16GB. Funsani ngati RAM ili yochotseka, chifukwa mutha kugula ya 8GB lero n'kuwonjezera ina ndalama zikapezeka. Posungira zinthu pakhale SSD ya 256GB kapena kuposa, osati hadi disiki yakale yozungulira. Kupatula liwiro, SSD ilibe chozungulira mkati, motero imapirira kugwedezeka kwa pa kabaza ndi mabampu a mu minibasi. Hadi disiki yakale ikagunda ili yoyaka, zithunzi za makasitomala zimatha kupita zonse.

Mtundu wa laputopu

Ndalama zikakhala zochepa, laputopu za m'maofesi zogwirapo kale ntchito zimaposa zatsopano zotchipa. Zinapangidwa kuti zizigwira ntchito tsiku lonse, mahinji ake ndi olimba, zimatsegulidwa ndi sikuludiraiva wamba, ndipo mabatire ndi makiyibodi ake amapezeka kwa amisiri ku Blantyre ndi ku Limbe. Zodziwika ndi Dell Latitude 5490, 5400 ndi 7490, HP EliteBook 840 G5 ndi G6, komanso Lenovo ThinkPad T480 ndi T490. Zina mwa izi zinatulukanso ndi purosesa ya m'badwo wa 7, choncho dzina la modelo lisakugonetseni, onani nambala ija. ThinkPad T480 ili ndi mwayi wina kwa ife a kuno: batire lake lakunja limazuka ndi dzanja, ndiye mutha kukhala ndi lachiwiri losinthira.

Sikirini ya mainchesi 14 ya 1920 x 1080 ndi yokwanira. Ya 1366 x 768 imapanikiza Canva ndipo mitundu yake nthawi zambiri imakhala yofuwa, chithunzi chooneka bwino pa laputopu n'kukaoneka china pa foni ya kasitomala. Sankhani sikirini yosanyezimira ngati galasi, chifukwa kuwala kwa dzuwa la kuno kumalowa mpaka m'nyumba.

Musapereke ndalama musanaiyese

Muchoke kunyumba ndi foni yokhala ndi bandulo, fulashi ndi mahedifoni, ndipo muuze wogulitsa kuti mukufuna theka la ola. Wokana kuti muyese, kapena wofuna kuti mutumize ndalama kaye laputopu idzabwere pa basi, musiyeni.

Iyatseni ndipo nthawi yomweyo dinani batani lolowera mu BIOS, tsamba la masetingi a makina lomwe limabwera Windows isanatseguke: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Ikafunsa pasiwedi imene wogulitsa sakuidziwa, laputopuyo ndi yokhomedwa ndi kampani imene inali nayo, ndipo tsiku lofuna kuikamo Windows yatsopano mudzavutika.

Windows ikatseguka, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager ibwere, kenako pitani pa Performance. Pamenepo muona dzina lenileni la purosesa, kuchuluka kwa RAM, komanso ngati disiki ili SSD kapena HDD. Zimene zalembedwa apo ndi zoona kuposa sitika ya pachivundikiro, chifukwa sitika imamatidwa ndi aliyense.

Tsopano batire, lomwe kuno ndi theka la laputopu. Tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolemberamo malamulo, lembani powercfg /batteryreport, dinani Enter. Ikuuzani pamene yasunga lipoti. Litseguleni muyang'ane mizere iwiri, Design Capacity ndi Full Charge Capacity. Woyamba ndi mphamvu imene batire linabadwa nayo, wachiwiri ndi imene latsala nayo. Ngati woyamba ndi 50,000 mWh ndipo wachiwiri ndi 27,000, batirelo latha pafupifupi theka. Lotsala ndi magawo 75 mwa 100 kapena kuposa ndi labwino. Likatsika kwambiri, wogulitsa achotse mtengo wa batire latsopano. Zulaninso tchaja muone ngati laputopu siithima pomwepo. Kenako iikeni patebulo losalala: ikamagwedera, kapena pamalo poyendetsa chala pakatukuka, batire latupa mkati. Imeneyo musaitenge ngakhale atsitse bwanji, chifukwa batire lotupa likakumana ndi kutentha kwa kuno limatha kuyaka.

Lumikizani Wi-Fi ku hotspot ya foni yanu, tsegulani kanema wa YouTube pa 1080p, Canva, Facebook ndi masamba ena asanu, muzisiye kwa mphindi 15 kapena 20. Ikani dzanja potulukira mphepo. Mphepo yofunda yotuluka bwino ndi chizindikiro chabwino. Fani ikamalira kwambiri koma mphepo osamveka, njira yatsekeka ndi fumbi. Ikamakhulula ngati muli mchenga, fani yatha. Kumbukirani kuti Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 ndipo kumazizira. Laputopu yotentha kale m'shopu ya ku Limbe, mukatsika nayo phiri kufika pa Thabwa idzakhala ikuthima yokha masana.

Kanema akusewera, tsegulani Notepad mudine batani lililonse. Onani ngati zilembo zikuyamba ndi QWERTY, popeza zina zochokera ku France zimayamba ndi AZERTY ndipo zimasokoneza polemba. Lowetsani fulashi pabowo lililonse la USB, yesani kamera, maikolofoni ndi mahedifoni, tsegulani ndi kutseka chivundikiro kangapo kuti mumve mahinji. Tsamba loyera mbee lionetsa mizere ndi madontho a pasikirini.

Lisiti likhale ndi nambala ya siriyo ya laputopu, dzina la shopu, tsiku, ndi masiku amene mungaibweze ikavuta. Lonjezo lapakamwa silithandiza munthu wochokera ku Nsanje amene sangakwere basi kawiri pa sabata. Lisiti lomwelo ndi limene lidzakutetezeni zikadzadziwika kuti katunduyo anabedwa kwinakwake.

Sungani ndalama ya magetsi

Musathere bajeti yonse pa laputopu. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira konkuno ku Chikwawa, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kukonza kunatenga kupitirira chaka. Wotsatsa malonda sangauze kasitomala kuti zolemba zachedwa chifukwa magetsi anathima.

Njira yopepuka ndi laputopu yotchaja pa USB-C pamodzi ndi power bank yotulutsa mawati 45 kapena 65. Ya 20,000mAh imasunga pafupifupi 74Wh (Wh ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi), yokwana kudzaza laputopu yotere kamodzi. Power bank wamba ya foni siitchaja laputopu, choncho werengani mawati olembedwa pathupi pake, ndipo muyesere m'shopu momwemo.

Ngati mukudalira sola, masamu ake ndi awa. Laputopu ya purosesa ya U imadya mawati 15 mpaka 30 pa ntchito wamba, ndiye maola 6 ndi pafupifupi 150Wh. Batire la 12V 50Ah limasunga 600Wh, koma likakhala la asidi muzigwiritsa theka lokha kuti likhalitse, zomwe ndi 300Wh. Panelo ya mawati 100 yokhala ndi charge controller (kachipangizo kowongolera kutchaja kwa batire) imalidzaza bwino pa dzuwa la kuno. Inveta ikhale ya mtundu wa pure sine wave, wotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM. Mainveta otchipa amene si a mtundu umenewu amatenthetsa tchaja, amailiza, ndipo pa laputopu zina muvi wa pasikirini umadumphadumpha.

Pa magetsi a ESCOM, gulani ekisitenshoni yokhala ndi chitetezo cha mphamvu yobwera mwadzidzidzi, ndipo magetsi akathima zulani tchaja. Nthawi yoopsa ndi pamene akubwerera. Mukamagula tchaja ina, ikhale ya mavoti ofanana ndi yoyamba komanso mawati osachepera pa olembedwa pansi pa laputopu, nthawi zambiri 45 kapena 65.

Kuisamala mukafika nayo kunyumba

Laputopu zambiri zinapangidwa kuti zizigwira ntchito pamalo osapyola madigiri 35. Kuno malire amenewo timawadutsa kwa miyezi, choncho ntchito yolemera ngati kutulutsa kanema muziichita m'mawa kwambiri kapena usiku. Masana muziyankha makasitomala ndi kulemba. Musaiike pa bedi, pa pilo kapena pa chitenje, chifukwa imapumira pansi. Ikani patebulo ndipo kwezani kumbuyo kwake ndi timatabwa tiwiri kuti mphepo idutse. Musaisiye m'galimoto yotsekedwa kapena pawindo pofika dzuwa. Ngati laputopu yanu ili ndi njira yoimitsa kutchaja pa 80 peresenti, monga ya mu Lenovo Vantage kapena mu BIOS ya Dell, iyatseni, popeza batire lodzaza mpaka pakamwa pamalo otentha ndi limene limatupa msanga. Kamodzi pachaka, nyengo yotentha isanayambe, mmisiri aitsegule, achotse fumbi pa fani, apake thermal paste yatsopano, phala lothandiza purosesa kutaya kutentha. Musadyere pafupi nayo: nyenyeswa ndi shuga wa tiyi zimaitana nyerere, ndipo nyerere zimakonda kumanga m'kati mofunda.

Tsiku loyamba kuilumikiza ku hotspot, pitani pa Settings, Network & internet, Wi-Fi, musankhe dzina la foni yanu n'kuyatsa Metered connection, yomwe imauza Windows kuti isamale bandulo. Mukapanda kutero, Windows idzadya bandulo ya Airtel kapena TNM yonse ndi ma update inu musanatumize chithunzi n'chimodzi chomwe. Ma update ndi ofunika, koma muziwachita mwadala ndi bandulo yausiku kapena pamalo pa Wi-Fi.

Amene anaona madzi a namondwe Freddy mu Malichi 2023 sakufunika kuuzidwa za chotsatirachi. Zithunzi, ma logo ndi maoda a makasitomala muzikopera pa Google Drive, yomwe imapereka 15GB yaulere, kamodzi pa sabata. Yatsani chitetezo cha masitepe awiri (chofunsa nambala yachinsinsi kuwonjezera pa pasiwedi) pa Facebook ndi pa Gmail, ndipo manambala obwezeretsera akaunti muwalembe papepala losungidwa kwina. Kuyambira Disembala mpaka Epulo, usiku laputopu ndi tchaja zizigona m'jumbo yomanga bwino, m'ndowa ya pulasitiki yotseka, pamalo okwera pomwe mungazitole mumdima.