Momwe Mungakonzere Loko ya Mfuti Yamakedzana Yoyaka ndi Mwala

Mfuti zothirira wonga kukamwa, zimene akuluakulu amatcha gogodela, si zachilendo m'chigwa cha Zambezi, chifukwa Achikunda ankayenda nazo m'nthawi ya maprazo a Apwitikizi. Masiku ano kuli zina zatsopano zopangidwa motsanzira zakalezo, zambiri zochokera ku India, zimene anthu amagula pa mtengo wotsika kuti azikongoletsera nyumba kapena kuonetsa pa zisudzo. Chofooka chake chimakhala loko, chitsulo cha m'mbali chimene chimamenyetsa mwala wa flint kuti utulutse mbaliwali, luso limene linakhwima ku France kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600.

Musanakhudze chilichonse, lowetsani ndodo yotsindirira wonga mumpope wa mfuti, muike chizindikiro pamene yathera, kenako muiyerekeze kunja kwake. Ikapanda kufika kumapeto, ndiye kuti muli kanthu mkati, ndipo ntchito iimire pomwepo. Kumbukiraninso kuti ku Mozambique kusunga mfuti kumafuna chilolezo cha boma, choncho funsani apolisi kaye.

Kokani chogwira mwala mpaka pokodwa poyamba, pamene chimaima chisanafike kumbuyo kwenikweni, mumasule masikuluwu a mbali inayo, n'kuchotsa loko pang'onopang'ono. Ijambuleni ndi foni musanaiphwasule, kuti pobwezera musasokonezeke. Yang'ananinso m'thabwa mmene inakhala, pakuti malo onyezimira kapena okhulika amasonyeza kuti chitsulo chimakhuza mtengo, ndipo kupalapo pang'ono ndi kampeni, kapena kungoleka kumangitsa masikuluwu, nthawi zina kumathetsa vuto lonse. Ku Angónia ndi ku Tsangano zimenezi zimachuluka m'dzinja, pamene chinyontho chimafufumitsa thabwa.

Sipulingi yaikulu ichotsedwe ndi chopanira chake chenicheni, osati pulayala, ndipo muipane pang'ono pongokwanira kuti ichoke, chifukwa ikathyoka simudzaipeza m'sitolo za ku Ulónguè. Viikani zitsulo zonse m'parafini, muchotse dzimbiri ndi kaburashi, kenako musalaze mkati mwa chitsulo chachikulu chimene zinazo zimamangidwapo ndi sandipepa yosalala mutaiyala pagalasi. Koma mano a tumbler, kachitsulo kozungulira limodzi ndi chogwira mwala, ndi nsonga ya sear, kachitsulo kamene kamakola manowo, musazikhudze ndi tupa ngakhale pang'ono. Pamenepo ndi pamene pamagwira chogwira mwala kuti chisagwe chokha, ndipo munthu amene wapasema pofuna kufewetsa chowombera waononga chitetezo chonse cha mfutiyo.

Tsopano tifike pa frizzen, chitsulo choimirira chimene mwala umamenya, pakuti apa ndi pamene maloko otchipa amalepherera kwambiri. Ambiri amaganiza kuti moto umachokera m'mwala, koma zoona zake n'zakuti mwala umasenga tizidutswa ta chitsulo, ndipo tizidutswato ndi timene timayaka. Chitsulo chikakhala chofewa, mwala umangokumbamo mizere popanda mbaliwali. Yesani ndi tupa m'mphepete mwake: ikaterereka, chitsulo n'cholimba bwino, ikaluma, n'chofewa. Chofewacho pitani nacho kwa mmisiri wosula amene amadziwa kulimbitsa mipeni ndi nkhwangwa, ndipo mumuuze kuti nkhope yake ikhale yolimba koma phazi lake alibweze pamoto pang'ono, chifukwa likauma kwambiri limathyoka ngati phale. Ine ndimaona kuti kulipira mmisiri pa ntchito imeneyi n'kwanzeru kusiyana ndi kuyesera nokha pambaula.

Pobwezera, pakani oyilo pang'ono pa malo onse oyenda, koma nkhope ya frizzen ndi kambale ka wonga zikhale zouma. Mwala muukulunge m'kachikopa, muukhazike mowongoka kuti m'mphepete mwake monse mufike pachitsulo nthawi imodzi, ndipo uzimenya chakumtunda n'kutsetsereka ngati mpeni wosenda chinangwa, osati kugunda mwachindunji. Ukamagunda, utembenuzeni kapena musinthe kutalika kwake.

Yesani loko m'chipinda chamdima, isanabwerere pamfuti komanso kutali ndi parafini uja. Mbaliwali zambiri zigwere m'kambale, ndipo frizzen itseguke yonse. Kenako ikani pokodwa poyamba n'kukankha sear mwamphamvu. Chogwira mwala chisasunthe. Chikagwa, loko ipite kwa mmisiri wodziwa za mfuti, ndipo musaimange pathabwa kufikira itakonzedwa.