Momwe mungajambulire ndi kulemba mawu pa ntchito ya phonetics ku yunivesite

Ngati mwatenga linguistics (maphunziro a zilankhulo) pa digiri yanu ya Arts, pofika pa phonetics (maphunziro a katchulidwe ka mawu) mudzapatsidwa ntchito yoti mupeze munthu wolankhula chilankhulo china, mumujambule mawu, kenako mulembe zimene wanenazo ndi zilembo za IPA, zilembo zapadera zolembera katchulidwe ka mawu a chilankhulo chilichonse. Ophunzira ambiri amaopa zilembozo, koma malikisi amatayikira pojambula.

Yambani ndi mndandanda wa mawu. Wa mawu 100 wa katswiri wa zilankhulo Morris Swadesh ndi wokwanira: ziwalo za thupi, madzi, moto, dzuwa ndi ena otero. Wolankhulayo akhale woti anakula ndi chilankhulocho, ndipo asaine chilolezo musanayatse chilichonse.

Jambulani mu WAV (mtundu wa fayilo wosunga mawu osawapanikiza), pa 44.1 kHz, 16-bit. Maikolofoni ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, chapambali pang'ono, kuti mpweya wa "ph" ndi "th" usaimenye. Zimitsani fani ndi firiji. Foni yabwino imakwanira, bola muzimitse chochotsa phokoso, chifukwa chimadula mpweya womwe mukufuna kuyezawo. Chenjerani ndi timarekoda totchipa tolembedwa WAV pabokosi koma tongosunga MP3: jambulani liwu limodzi n'kuona fayilo musanapereke ndalama. Ndipo musatumizirane mawuwo ngati voice note ya WhatsApp, amaphwanyika.

Tsopano pamene zinthu zimaonongekera. Mukangomupatsa munthu mndandanda kuti awerenge, amawerenga ngati akuitana mayina m'kalasi: liwu limakwera pa mawu aliwonse, n'kudzagwa pa omalizira. Kukwera kumeneko ndi kwa mndandanda, si kwa mawuwo. M'chilankhulo chokhala ndi tone (kukwera ndi kutsika kwa liwu kosintha tanthauzo) ngati Chichewa, apa ntchito yonse yafa. "Mténgo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa katundu amasiyana pa kukwera kwa liwu kokha, chimodzimodzi "khúngu" la kusaona ndi "khungú" la pathupi. Kuonjezera apo, Chichewa chimatalikitsa silabulo yachiwiri kuchokera kumapeto mawu akakhala pothera pa chiganizo, ndiye wosadziwa amalemba kuti mawu onse ali ndi mavawelo aatali.

Njira yake n'kuika mawu aliwonse pakati pa chiganizo chimodzi chosasintha, monga "Ndanena ___ kawiri", chomasuliridwa m'chilankhulo cha munthuyo. Anene katatu, akupuma pang'ono pakati. Sakanizani mawuwo kuti ofanana asatsatane, apo ayi adzayamba kukokomeza kusiyana kwake kuti akusangalatseni. Musayambe mwatchula mawuwo inuyo, chifukwa adzatengera katchulidwe kanu. Muonetseni chithunzi kapena mufotokozereni tanthauzo. Kumuonetsa mawu olembedwa nakonso n'koopsa: amayamba kutchula zilembo m'malo molankhula mmene amalankhulira masiku onse. Pakatha mphindi 30 mupumitseni, liwu lotopa limatsika lokha.

Mukamaliza, tsekulani fayilo mu Praat, pulogalamu imene anapanga Paul Boersma ndi David Weenink ku University of Amsterdam. Ndi yaulere, wokugulitsani akukuberani. Pangani TextGrid (fayilo yolembamo malire a mawu), dulani mawu amodziamodzi, muyang'ane mzere wa pitch, woonetsa kukwera ndi kutsika kwa liwu. Kwa mwamuna wa mawu aakulu tsitsani malire a pansi a pitch mpaka 75 Hz kapena pansi pake, mzerewo ukamadukaduka. Pa "kula" ndi "khula" yezani nthawi yochokera pamene k waphulika kufika pamene vawelo yayamba. Ya "kh" imakhala yaitali moonekeratu.

Polemba, khutu litsogole, kalembedwe ka kusukulu kaiwaleni. B woyamba wa "bambo" ndi [ɓ], pomwe wa mu "mb" ndi [b] wamba, ngakhale chilembo chake n'chimodzi. Zimene mwamva ziikeni mu [ ], ma phoneme (maliwu osiyanitsa matanthauzo a mawu m'chilankhulocho) mu / /. Gwiritsani ntchito font ya Doulos SIL kapena Charis SIL, zonse zaulere, ndipo perekani ntchitoyo mu PDF kuti zilembo zisasanduke timabokosi pa kompyuta ya aphunzitsi. Fayilo ya WAV isungeni malo awiri, nthawi zambiri aphunzitsi amaifuna.