Council Tax m'mudzi wa ku England: momwe mungawerengere bilu ndi kupewa samani

Ku Lilongwe kapena ku Blantyre, msonkho wa nyumba wa khonsolo ndi mutu wa landilodi. Ku England n'zosiyana: Council Tax amalipira ndi amene akukhala m'nyumbamo, ngakhale akhale wa lendi. Amalawi ambiri opita kukagwira ntchito yosamalira okalamba amazindikira izi kalata yofiira itafika kale. Landilodi amalipira yekha ngati ikhala nyumba yomwe aliyense amachita lendi chipinda chake n'kumagawana khitchini ndi bafa. Ngati munasaina pangano limodzi la nyumba yonse ndi anzanu, khonsolo ingathe kulonjerera ngongole yonse kwa mmodzi wa inu, ena atasamuka.

Tsiku lomwe mwalandira makiyi, lembetsani ku khonsolo ya boma lanulo pa intaneti, ndi deti lenileni lolowera. Musadikire kuti akupezeni, chifukwa bilu imayambira pa tsiku lolowa.

Titenge Redbourn, mudzi wa ku Hertfordshire womwe uli pakati pa St Albans ndi Hemel Hempstead, kufupi ndi Luton. Bilu imachokera ku St Albans City and District Council, koma ndalamazo sizikhala kumeneko zonse. Gawo lalikulu limapita ku Hertfordshire County Council, yoona za misewu, chisamaliro cha ana ndi okalamba komanso ozimitsa moto. Lina limapita kwa apolisi, lina limatsala ku St Albans, komwe amayang'anira zotaya zinyalala ndi zilolezo zomangira, ndipo kagawo kochepetsetsa n'ka khonsolo ya mudziwo, Redbourn Parish Council.

Nyumba iliyonse ili m'gulu, kuyambira band A mpaka H. Chosokoneza anthu n'chakuti gululo limatengera mtengo womwe nyumbayo ikanagulitsidwa pa 1 April 1991, ngakhale itamangidwa chaka chatha. Band A ndi yosapitirira £40,000, D ndi ya pakati pa £68,001 ndi £88,000, H ndi yoposa £320,000. Muyezo ndi D. Band A imalipira magawo 6 mwa 9 a D, B 7, C 8, E 11, F 13, G 15, ndipo H imalipira kawiri. Tiyerekeze kuti D ndi £1,800 pa chaka, kungoti masamu aphweke: A idzakhala £1,200, C £1,600, E £2,200. Choncho musanasaine lendi, lowetsani postcode ya nyumbayo pa gov.uk muone gulu lake. Nyumba yotsika lendi ndi £30 pa mwezi koma yokwera ndi magulu awiri ingakudyereni zambiri.

Mukaona kuti nyumba zofanana ndi yanu mumsewu womwewo zili m'gulu lotsika, dandaulo limapita ku Valuation Office, ofesi ya boma yoika nyumba m'magulu, osati ku khonsolo, ndipo ufulu wonse wotsutsa muli nawo m'miyezi 6 yoyamba chiyambireni kulipira. Yerekezerani nyumba zofanana kukula, zaka ndi mamangidwe. Dziwani kuti gulu likhoza kukwera m'malo motsika, ndipo msonkho muzilipirabe nkhani ili mkati.

Kuchotseredwa sikubwera kokha, mumachita kupempha. Wamkulu wokhala yekha amachotseredwa 25 peresenti, ndiye bilu ya £1,600 imatsika kufika £1,200. Ana osakwana zaka 18 sawerengedwa, chimodzimodzi ophunzira a kosi ya chaka chathunthu kapena kuposa, ya maola 21 pa sabata, bola apereke kalata ya ku koleji. Nyumba yokhala ophunzira okhaokha silipira konse. Apa pali msampha wa anthu a ma viza: thandizo la osauka lotchedwa Council Tax Reduction limawerengedwa ngati ndalama za boma, zomwe viza yambiri ya ntchito imaletsa, pomwe 25 peresenti ija siili m'gulu limenelo. Akazi anu kapena amuna anu akabwera kuchokera kumudzi, dziwitsani khonsolo pasanathe masiku 21. Kubisa kuli ndi chindapusa cha £70, kuwonjezera pa kubweza zomwe anakuchotserani.

Chaka cha msonkho chimayamba pa 1 April. Mwachizolowezi amagawa bilu miyezi 10, April mpaka January, koma mungapemphe 12 kuti ya pamwezi ichepe. Ikani direct debit, yoti ndalama zizichoka zokha ku akaunti yanu ya ku banki, pa deti lotsatira malipiro anu. Mukaphonya mwezi, kalata yokumbutsa imakupatsani masiku ochepa chabe. Mukainyalanyaza amafuna ndalama za chaka chonse nthawi imodzi, kenako samani ya ku khoti la majisitireti ndi ndalama za khoti pamwamba. Khoti likavomereza, khonsolo ingadule ku malipiro anu kudzera kwa abwana kapena kutumiza olanda katundu. Imbani foni pa kalata yoyamba, poti n'pomwe kugwirizana za kalipiridwe kumakhala kosavuta.

Kagawo ka parish kaja n'komwe mumaona ndi maso: bwalo la masewero a ana, udzu wa pabwalo la mudzi, mabenchi, timinda ta ndiwo tobwereketsa. Lembetsani msanga pa kamunda, mzere umatalika, ndipo maungu ndi nyemba zimachita bwino m'chilimwe cha kumeneko. Bajeti amaikambirana cha mu December ndi January pa misonkhano yomwe aliyense angalowe, ndipo mitu ya zokambirana amaikhoma masiku atatu msonkhano usanachitike. Pakati pa 1 March ndi 1 June pamakhala msonkhano wa pachaka wa onse olembetsa voti m'mudzimo. Mmalawi kapena Mzambia wokhala movomerezeka ali ndi ufulu wolembetsa voti monga nzika ya Commonwealth, ndipo kulembetsako n'kwapadera. Dzina la pa bilu silikulowetsani m'kaundula wa voti.