Mmene mungakokere malipiro mpaka pa 30 osagwa m'katapila, yambirani kukhitchini

Ine ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ntchito ndimagwira mtauni, bambo a kunyumba nawonso amagwira ntchito, ana athu tili nawo awiri, komanso timakhala ndi mwana wa achemwali anga amene tikumuphunzitsa, nde pakhomo tilipo anthu asanu. Kwa zaka zambiri malipiro athu tonse awiri amatha pa 15, pena pa 12 penipeni, kenako kuyamba kuyimbira anthu mafoni kuti tandibwerekeniko ndibweza pakutha pa mwezi. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zinafika poti sopo amene timagula osaganiza tinayamba kumudula pakati. Apa mpamene tinakhala pansi, ndipo zimene ndilembe apazi ndi zimene zatithandiza ife, wina akhoza kutolapo ziwiri zitatu.

Choyamba tengani kope la mwana lotsala masamba, kwa masabata awiri muzilemba chilichonse chimene mwagula, olo machesi, olo bando ya intaneti, olo mandazi amene mwagula pa depoti. Musasinthe kaye kalikonse, ingolembani. Ife titawerengetsa tinadabwa, timaganiza kuti ndalama zikuthera ndiwo koma ayi ndithu, zimathera makala a mjumbo ogula tsiku ndi tsiku, ndi kabaza. Nanga kabazayo amabwera bwanji? Mmawa ndimadzuka 4:30, kukoleza mbaula, makala onyowa sakuyaka, kukupiza ndi chivindikiro cha ndowa, madzi osamba a anthu asanu, tiyi, phala la wamng'ono, pomwe ndikutuluka pageti nthawi yatha kale, nde m'malo moyenda wapansi kukafika pa siteji ndimakwera njinga yamoto, ndikatsika minibasi mtauni kukweranso ina kuti abwana asandiyang'ane ndi diso lija. Madzulo kufika kunyumba nditatopa, nyemba sizinapse, basi tumani mwana akagule mazira pa okala. Mwaona? Nthawi, ndalama ndi makala zonse zimatulukira pa bowo limodzi. Ndi chifukwa chake ndikuti yambirani kukhitchini.

Nkhani ya moto ndikhalitsapo pang'ono poti ndi pamene pali ndalama zambiri.

Nyemba musamaziphike zouma. Zinyikeni m'madzi usiku musanagone, mmawa tayani madziwo (kapena thirirani ndiwo za kuseri, ndifikako), zimapsa msanga kwambiri. Kenako pali kanthu kena kamene anthu amandiseka nako mpaka atadya: dengu lophikira. Tengani dengu lakuya kapena katoni yolimba, yalani mkati bulangete lakale kapena nsanza za kwa atelala zothinana bwino, pakati musiye malo okwana poto, musokenso kapilo kovindikira pamwamba. Nyemba zikawira bwinobwino pamoto kwa mphindi 20 kapena 30, chotsani poto osavundukula, muyike m'dengumo, phimbani, pitani kuntchito. Pobwera madzulo mupeza zafewa, zikadali zofunda, chatsala n'kungokazinga tomato ndi anyezi, kuziwiritsanso pang'ono basi. Mpunga, khobwe, nandolo wouma, nyama yolimba ija ya ng'ombe, zonse zimatheka. Koma poto akhale wodzaza komanso wa chivindikiro chothina, kapoto ka theka kamazizira msanga. Ndipo musayike chakudya chimene sichinawire, mudzatsegula m'mimba banja lonse.

Ngati muli ndi kabwalo kophikira panja gulani chitetezo mbaula, ija ya dothi. Imadya nkhuni zochepa kusiyana ndi mafuwa atatu, ndipo imayaka ndi tinthu timene ena amataya, zitsononkho za chimanga, mapesi a nandolo, tinthambi todulira mitengo. Ine ndikapita kumudzi nthawi yokolola ndimabwerako ndi thumba la zitsononkho, alamu anga amaseka kuti mlamu mwayamba kunyamula zinyalala kupita nazo ku tauni, koma thumba limenelo limanditenthetsera madzi osamba masabata angapo. Mbaulayi musamayithire madzi ikatentha, imang'aluka.

Gasi anthu amamuopa, ena mtengo ena kuphulika. Mtengo woyambira ndi wowawa zoona, silinda ndi chitofu chake, ife tinagula ndi ndalama za chipereganyu. Koma sitiphikira zonse ayi, gasi ndi wa mmawa basi, tiyi, phala, kutenthetsa ndiwo za dzulo, mphindi 10 zatheka, ndipo kuyambira pamenepo ndinasiya kukwera kabaza. Ndalama ya kabaza ija ndi imene imadzazitsa silinda. Mukalumikiza paipi pakani thovu la sopo polumikizirapo, likamatuluka timabaluni ndiye kuti akudontha, tsekani msanga, musayese ndi machesi chonde. Silinda izikhala choyimirira, zenera lotsegula.

Magetsi akakhalapo hotipuleti imathandiza, koma tonse tikukumbuka 2022 namondwe Ana atawononga ku Kapichira mu Januwale, ma megawati pafupifupi 130 anachoka nthawi imodzi, tinakhala mumdima maola ochuluka tsiku lililonse kwa nthawi yayitali. Kuyambira pamenepo ine sindidalira moto umodzi. Makala sitinasiyiretu, ndinganame, koma thumba limene limatha masabata awiri pano limadutsa mwezi ndithu. Ndipo gulani thumba lathunthu, a mjumbo aja mukawaphatikiza pamwezi mumalira. Komanso tisaiwale kuti makala ambiri amene timawaona panjinga m'mawa kuno ku Lilongwe amachokera mbali ya ku Dzalanyama, komwenso kumachokera mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu, madzi a pampopi wathu omwewa. Lamulo la za nkhalango analikhwimitsa mu 2020, kuotcha makala opanda chiphaso ndi mlandu, koma ine sindiloza chala bambo wopalasa njinga usiku wonse kuti ana ake adye, ogulafe ndi amene timamutuma. Chimodzi chokha ndikupempheni, mu Juni ndi Julaye kukazizira musalowetse mbaula ya makala kuchipinda n'kutseka zitseko ndi mawindo, mpweya wake sununkha, anthu amangogona osadzukanso.

Tsopano tsiku la malipiro. Ife timakhala pansi awiri usiku womwewo ana atagona, foni iliyonse patebulo, aliyense anene zimene walandira. Poyamba zinali zovuta, bambo a kunyumba amati mwamuna saulula malipiro, ine ndinangowapatsa kope lija kuti werengani nokha, anakhala chete kanthawi kenako anati "mayi a ana, bweretsani cholembera". Zoyamba kutuluka ndi lendi, mayunitsi a magetsi, bilu ya madzi, thiransipoti ya mwezi wonse ya anthu awiri, ndi gawo la fizi. Fizi musadikire kuti teremu itsegulidwe, igaweni pa miyezi, muzisunga pang'onopang'ono pamalo poti simungaigwire msanga. Zotsalazo ndiye za ndiwo, timazigawa panayi, sabata iliyonse envulopu yake. Envulopu ikatha Lachinayi ndiye kuti Lachisanu ndi bonongwe ndi soya pisi, palibe kubwereka ya sabata yamawa. Ndalama za pa Airtel Money kapena Mpamba musamatape pang'onopang'ono kasanu pasabata, nthawi iliyonse amadula, tapani kamodzi.

Za kumudzi ndi nkhani yovuta, aliyense ali ndi kwawo. Ife tinagwirizana ndalama imodzi yofanana mbali zonse ziwiri mwezi uliwonse, kwa amayi anga ndi kwa apongozi, ndipo tinawauza poyera kuti ndi imeneyi, yoposa apa ndi ya matenda kapena maliro basi. Panali kudandaula miyezi yoyamba, amalume ena anasiya kundiyankha moni kkkk, koma pano anazolowera. Chimene chathandiza kwambiri n'choti m'malo motumiza tindalama ta shuga mwezi ndi mwezi, timasonkhanitsa n'kugula mbewu ndi feteleza mvula isanagwe, akakolola ifenso timapatsidwako matumba.

Chimanga gulani nthawi yokolola, Meyi kapena Juni, chikatsika mtengo, osati Januwale ndi Febuluwale pamene aliyense akulira. Werengani kuti banja lanu limadya matumba angati a 50 kg pachaka, gulani amene mungathe olo atatu. Chiumitseni bwino, mukaluma njere izilira kuti khwa, kenako sungani m'matumba a PICS aja a mapepala awiri mkati, mukamanga bwino mpweya sulowa ndipo anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Ingosamalani makoswe asaboole, matumba akhale pa mapulanga osati pansi. Kuchigayo madeya musawasiye, ndi anu.

Kuseri kwa nyumba. Ife ndi a lendi, malo ndi ochepa, alandilodi anakana kuti tilime pabwalo, nde timadzala m'matumba akale a simenti ndi m'zigubu zong'ambika. Dothi losakaniza ndi manyowa, kuboola timabowo pansi ndi m'mbali, mpiru, repu, chayinizi, anyezi wa masamba, ndi bonongwe amene amangomera yekha osamupempha. Matumba 8 okha amatipatsa ndiwo zamasamba masiku ambiri pasabata. Madzi ake sitiwonjezera bilu, ndi otsukira mpunga, otsukira ndiwo, onyikira nyemba aja, ndi otsukuluzira zovala omaliza amene alibe sopo wambiri. A sopo wambiri kapena a mafuta ayi, amapha mbewu, amenewo ndi okolopera. Makoko a mbatata, a nthochi, masamba otsala, zonse m'dzenje laling'ono pakona, kuthira phulusa pang'ono ndi dothi pamwamba kuti ntchentche zisabwere.

Ngati muli ndi munda kumudzi kapena mumabwereka kamunda kunja kwa tauni, phunzirani manyowa a Mbeya. Ine ndimasakaniza ndowa ziwiri za ndowe zouma zopondaponda (zitosi za nkhuku kapena za mbuzi), ndowa imodzi ya madeya, ndowa imodzi ya phulusa losefa, ndi feteleza wa kusitolo wokwana 10 kg, kuwaza madzi pafupifupi malita 5 kuti zingonyowa osati kuchita phala, kuthira m'thumba la pepala mkati, kumanga zolimba, kusiya pamthunzi masiku 21. Mukamasula fungo lake limalasa m'mphuno, tembenuzani nkhope, yanikani pamthunzi pang'ono musanathire. Thumba limodzi la feteleza limabala matumba asanu mwanjira imeneyi. Phulusa lake ndi la m'chitetezo mbaula muja, madeya ndi a kuchigayo aja.

Katapila muthaweni. Ine ndinalowamo kamodzi chifukwa cha fizi, mwezi umodzi wokha ngongole inakula moti ndinagulitsa wailesi ndi nsapato za ukwati, munthu wake amabwera mpaka kuofesi kudzandidikira pageti. Bola banki m'khonde, koma ya anthu amene mumawadziwa nyumba zawo, yokhala ndi malamulo olembedwa, bokosi la maloko atatu makiyi kwa anthu atatu osiyana, ndalama ziziwerengedwa pamaso pa aliyense. Ndipo mukabwereka kumeneko ikhale ya geni kapena chinthu chooneka ngati silinda ija, osati ya chitenje cha yunifolomu ya ukwati wa mnzanu wa kuntchito. Zikwati ndi ma bridal shower ife tinaika malire, pamwezi chimodzi, zinazo timapepesa.

Za ntchito zapakhomo, apa amayi anzanga ambiri ndi pamene timafera. Munthu waweruka 5 koloko, wayima pa depoti kulimbirana minibasi, wafika 7 koloko, ndiye aliyense wakhala pampando akudikira iwe kuti nsima. Ayi. Mutu umodzi susenza denga, kwathu mnyamata wa folomu 2 amaphika nsima yabwino kuposa ine, agogo ake atabwera anakhumudwa kuti mwana wamwamuna wagwira mthiko, ndinawayankha mwaulemu kuti amayi, akadzapita ku koleji adzamuphikira ndani? Wamkazi amathirira matumba a ndiwo akaweruka kusukulu, wamng'ono ntchito yake ndi kutsekera nkhuku ndi kuzimitsa magetsi m'zipinda zopanda anthu, amaikonda moti amazimitsa olo muli mkati mukuvala. Bambo awo ndi a kuchigayo, kudzazitsa gasi ndi kusita Lamulungu madzulo zovala za sabata yonse nthawi imodzi, ayironi imadya mayunitsi mukamaiyatsa mmawa uliwonse.

Loweruka mmawa ndimapita kumsika kamodzi ndi chikwama changa cha nsalu, usipa kapena bonya wa sabata, tomato, anyezi, mafuta a botolo lalikulu osati a m'timapepala. Masana kukazinga tomato wambiri, kuphika nyemba poto wamkulu, kugawa m'makontena. Opanda fuliji musadandaule, masamba ochuluka futsani muyanike mfutso ngati mmene amachitira amayi athu, nkhwani ndi khwanya wouma wotendera mu Okutobala amakoma kuposa nyama.

Foni ya kuntchito ikalira 8 koloko usiku sindiyankha pokhapokha ngati kwapsa, ndinawauza abwana mwaulemu ndipo anamva, poti mmawa ndimafika nthawi yake tsopano. Nthawi imeneyo timakhala tadya, magetsi akazima timayatsa kanyale ka sola kamene kamakhala padenga tsiku lonse, ana atulutsa makope patebulo, ine ndikusankha nyemba za mawa m'lichero, bambo awo akulimbana ndi masamu a sitandade 6 amene akuti anasintha kuyambira nthawi yawo.