Momwe ndimalembera manotsi pa foni kuti zimene ndawerenga zikhazikike m'mutu

Ndinapuma pantchito nditaphunzitsa ana a pulayimale zaka zoposa 30. Kwathu ndi ku Ntcheu, koma ntchito inandibweretsa kuno ku Mzuzu ndili mtsikana, ndipo ndinamanga ku Chibavi. Nditapuma chinthu chimodzi chinkandivutitsa mumtima: dera limene landisunga moyo wanga wonse sindinkadziwa mbiri yake. Ndiye ndinayamba kupita ku laibulale m'tauni muno kukawerenga mbiri ya chigawo cha kumpoto. Koma ndikawerenga Lolemba, pofika Lachisanu zambiri zauluka. Ndinkalemba m'makope, kope likadzaza osapezanso pamene ndinalemba chakutichakuti, ndipo makope awiri anadyedwa ndi chiswe m'katoni.

Mdzukulu wanga ndi amene anati, "Agogo, bwanji osamalemba pa foni yanuyo?" Anandiikira pulogalamu yolembera manotsi ya Google Keep, ndipo ndi imene ndikugwiritsabe ntchito. Kwa munthu wamkulu amene akungoyamba kumene, ine ndimalangiza yomweyi. Ndi yaulere, ilibe mabatani ambiri osokoneza, ndipo imalola kulemba ngakhale bandulo itatha. Mukadzagula bandulo, yokha imatumiza zimene munalemba ku akaunti yanu ya Gmail. Amene ali ndi kompyuta angakonde OneNote, ndipo mafoni a Samsung amabwera ndi Samsung Notes. Pa WhatsApp munthu angathe kudzitumizira yekha uthenga, ndipo ndimachita zimenezi ndikakhala pamsewu, koma ndikafika kunyumba ndimasamutsa. Mmenemo notsi imakwiririka ndi mauthenga a maliro ndi a banki m'khonde.

Musanalembe kanthu, khalani pansi ndi mwana kapena mdzukulu mukonze zinthu zitatu. Akukulitsireni zilembo, ku Settings kenako Display, kuti maso asamawawe. Azimitse auto-correction pa kiyibodi, chifukwa ikakhala yoyaka imasintha mawu a Chichewa n'kuikapo a Chingerezi omwe simunafune. Chachitatu, imelo ndi pasiwedi yanu muzilembe papepala ndi dzanja lanu, n'kuika pamodzi ndi zikalata za nyumba ndi za penshoni. Ndipo foniyo ikhale m'manja mwanu, iye azingoloza. Akakulandani n'kudinadina yekha, mawa mudzamufunanso.

Tsopano pa kalembedwe, pamene pagona nkhani yonse.

Miyezi yoyamba ndinkangojambula masamba a mabuku. Zithunzi zinachuluka, mtima n'kumakhazikika ngati ndaphunzira, koma munthu akandifunsa ndinalibe chonena. Chithunzi chimasunga mawu a wolemba buku, sichikusonyezani ngati inu mwamva. Ndinakumbukira zimene ndinkauza ana anga a Sitandade 7: tseka buku, undiuze m'mawu ako. Lero ndimadzichita chimodzimodzi. Ndikawerenga ndime, ndimatseka bukulo n'kulemba pa foni m'Chichewa, ngakhale bukulo lili m'Chingerezi. Pamene ndakakamira, osapeza mawu, ndi pamene sindinamvetse, ndiye ndimatsegulanso n'kuwerenga malo omwewo.

Notsi iliyonse ikhale ndi ganizo limodzi lokha, ndipo mutu wake ukhale funso. Nayi ina mwa zanga, momwe ilili pa foni:

Mutu: N'chifukwa chiyani mishoni ya Livingstonia inasamuka kawiri?
Inayamba ku Cape Maclear mu 1875. Malungo anapha anthu, ndiye mu 1881 anasamukira ku Bandawe, pakati pa Atonga. Kumenekonso ndi m'mbali mwa nyanja, malungo sanawasiye. Mu 1894 Robert Laws anakwera kumtunda ku Khondowe, kozizira, n'kutsegula sukulu yaikulu.
Funso langa: amene anaphunzira kumeneko anapita kuti?

Pansi pake ndimaika dzina la buku ndi nambala ya tsamba. Musadumphe zimenezi. Pakapita chaka mudzafuna kudziwa ngati nkhaniyo munaiwerenga m'buku kapena munaimva pa wailesi kapena pa Facebook, ndipo zimenezi sizilemera mofanana.

Mzere womalizawo, wa funso, ndi umene umandidzutsa kupita ku laibulale ngakhale mu June chifunga chitaphimba tauni yonse. Ndipo ndi umene unandipatsa chinthu chimene sindidzaiwala. Patapita miyezi ndinalemba notsi ya Levi Mumba, amene anali m'gulu loyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, kenako n'kukhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress mu 1944. Nthawi inanso, kuchokera m'buku lina, ndinalemba za Clements Kadalie wa kufupi ndi Bandawe, amene anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919. Sindinkaona chowagwirizanitsa. Tsiku lina madzulo, magetsi atazima, nditakhala pa mpando ndi bulangeti m'miyendo, ndinalemba mawu akuti Livingstonia pamalo ofufuzira. Manotsi atatu anatuluka pamodzi, kuwala kwa foni kuli pankhope panga. Onse awiriwa anaphunzira kusukulu ya Laws ija. Funso limene ndinadzifunsa kale linayankhidwa ndi manotsi anga omwe. Usiku umenewo ndinalemba notsi yachinayi, yoyamba imene sinachokere m'buku lililonse koma m'mutu mwanga: sukulu imene anaitsegula kuti iphunzitse aphunzitsi, alaliki ndi amisiri inatulutsanso anthu amene anayamba kufunsa atsamunda mafunso ovuta. M'makope aja sindikanaziona, chifukwa Mumba akanakhala m'kope lina, Kadalie m'kope lina.

Kuti zoterezi zizichitika, mayina muziwalemba mofanana nthawi zonse. Mukalemba Khondowe lero, mawa Kondowe, foni idzakubweretserani imodzi n'kusiya inayo. Pansi pa notsi ndimawonjezeranso mawu akuti "onaninso" ndi mutu wa notsi ina yogwirizana nayo. Niklas Luhmann, katswiri wa ku Germany amene anamwalira mu 1998, anachita zofananazi pa timakadi ta pepala pafupifupi 90,000, kakadi kalikonse kakuloza ku kanzake. Pulogalamu ya Obsidian imalumikiza manotsi motero mukangoika mutu wa notsi m'mabulaketi awiri, koma kwa ine kufufuza dzina kukukwanira. Ma label, omwe ndi mayina a magulu oikamo manotsi, ndili nawo anayi basi: Mbiri, Baibulo, Dimba ndi Thanzi. Akachuluka, nthawi imathera posankha poika notsi.

Kulemba pakokha sikukwanira ngati simubwererako. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus, katswiri winanso wa ku Germany, anaonetsa kuti zimene munthu waphunzira zimatayika kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndipo kubwereza patapita nthawi kumachepetsa kuiwalako. Ine ndinasankha Lamlungu masana ndikabwera kutchalitchi. Ndimatsegula manotsi asanu kapena asanu ndi limodzi, ena a sabata yomweyo, ena akale. Ndimawerenga mutu wokha, n'kuvundikira foni pa tebulo, n'kuyankha mokweza. Ndikamaliza ndimaitembenuza kuona zimene ndasiya. Apa ndi pamene mutu wokhala funso umathandiza. Notsi imene yandivuta ndimaipatsa mtundu wofiira kuti ndidzaionenso Lamlungu lotsatira. Ndikaona kuti ndinalemba zolakwika sindifufuta, ndimalemba pansi pake tsiku ndi zimene ndadziwa tsopano. Ndimafuna kuona mmene maganizo anga asinthira.

Masiku amene zala zauma ndi kuzizira, ndimadina kachizindikiro ka maikolofoni n'kulankhula. Keep imasunga mawuwo, ndipo ndikapeza mpata ndimamvetsera n'kulemba bwino. Njira yomweyi ndi imene ndimagwiritsa ntchito pocheza ndi akuluakulu. Mzuzu ndi mzinda waung'ono pa zaka: unakula kuchokera ku esiteti ya mitengo ya tung ya m'ma 1940, ndipo unakhala mzinda mu 1985. Alipo anthu ku Katoto, ku Chiputula ndi ku Zolozolo amene makolo awo anagwira ntchito pa esitetiyo. Ndikapita kwa munthu wotere ndimayamba ndapempha: "Bambo, mungalole kuti ndijambule mawu anu kuti ndisaiwale?" Akakana, ndimamvetsera chabe n'kukalemba kunyumba. Ambiri amafotokoza m'Chitumbuka, ndipo mawu ena ndimawasiya momwemo chifukwa ndikawatembenuza amasuluka. Notsi zotere ndimazilemba pamwamba kuti "ndinamva", kuti zisasakanikirane ndi za m'mabuku.

Za kasungidwe ndinaphunzira movutikira. Mu December 2015 laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, ndipo tonse okonda kuwerenga mumzinda muno tinamva kuwawa. Zanga zinali zazing'ono: foni inabedwa m'minibasi ndikuchokera ku Ekwendeni. Ndinalira manotsi kuposa foniyo. Mwana wanga atandigulira ina, ndinatenga kapepala kaja m'zikalata, tinalowetsa imelo ndi pasiwedi, manotsi n'kuyamba kubwera imodziimodzi. Zinasowa ziwiri zokha zimene ndinalemba bandulo itatha. Choncho kamodzi pa sabata yatsani data n'kutsegula pulogalamuyo kwa mphindi zochepa kuti zonse zipite ku akaunti. Mawu okhaokha sadya bandulo yambiri, zimene zimadya ndi zithunzi. Mukafufuta notsi mwangozi musade nkhawa, imakhala mu Trash kwa masiku 7 ndipo mungathe kuibweza. Manambala achinsinsi a kubanki ndi a Mpamba kapena Airtel Money musawaike m'manotsi, ndipo foni ikhale ndi loko.

Yambani ndi notsi imodzi lero, pa zimene mwamva mu ulaliki, kwa adokotala kapena kwa alangizi a zaulimi, ndipo muimalize ndi funso lanu. Langa sabata ino lili pansi pa notsi ya zimene zinachitika ku Nkhata Bay pa 3 March 1959: anthu amene anasonkhana padoko tsiku limenelo anachokera m'midzi iti? Lachinayi ndikwera minibasi kutsika kunyanja, foni nditaitchaja usiku.